GALIMOTO YA THABWA: PHUNZIRO LA KHOLO NDI MWANA

Aliyense amene anakulira m'mudzi muno m'Malawi amaidziwa galimoto ya mawaya. Mnyamata amatola mawaya otayidwa, n'kuwawongola ndi mwala, n'kuwapinda, n'kuwamanga ndi malegeni, kenaka n'kumayendetsa ndi chiwongolero chachitali uku pakamwa akulira ngati injini. Masewerawa ndi otchuka kotero kuti m'chaka cha 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto. Komabe galimoto ya mawaya mwana amaipanga yekha kapena ndi anzake. Akuluakulu sakhalapo, ndipo nthawi zambiri amangotulukira kudzakalipa kuti waya woyanikapo zovala wasowa.

M'phunziro lino tikambirana za galimoto ya mtundu wina: kagalimoto ka thabwa kamene kholo ndi mwana amapanga limodzi, kopanda injini, kopanda wokankha, kongotsika kokha pamtsetse. Tiona kumene masewerawa anachokera, kapangidwe kake, sayansi imene ili m'kati mwake, ndiponso funso lovuta kuposa onse, lakuti galimotoyo ndi ya yani.

CHIFUKWA CHAKE TASANKHA USISYA

Usisya ali kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, pa kachigwa kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri ataliatali. Wopita kumeneko amakwera bwato la injini kapena sitima, apo ayi amatsika msewu wokhotakhota wochokera ku Mzuzu, umene umavuta kwambiri nthawi ya dzinja. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanja yathu m'chaka cha 1951, yakhala ikuima pa Usisya kwa zaka zambiri, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'timabwato.

Malo otere amatiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mwana wa ku Usisya sangadikire zoseweretsa za m'sitolo za m'tauni, koma pafupi naye pali amisiri osema mabwato ndi nkhafi, amene amadziwa mtengo kuposa munthu wina aliyense. Chachiwiri, mtsetse amaudziwa bwino. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Ndiye kuti galimoto yochoka ku Mzuzu kupita ku Usisya imatsika mamita oposa 700, ndipo dalaivala ntchito yake yaikulu sikhala kuponda mafuta ayi, koma kuigwira galimotoyo kuti isathawe. Mphamvu imene imaikoka galimoto yaikuluyo ndi yomweyo imene idzayendetse kagalimoto kathu.

KUMENE MASEWERAWA ANACHOKERA

Mpikisano wodziwika kwambiri wa timagalimoto ta thabwa umatchedwa Pinewood Derby. Unachitika koyamba pa 15 May 1953 ku Manhattan Beach, m'chigawo cha California ku America. Anauyambitsa ndi Don Murphy, mtsogoleri wa gulu la ana aang'ono a Sikauti. Masiku amenewo kunali mpikisano wina wotchedwa Soap Box Derby, umene ana ankakwera okha m'timagalimoto totsika phiri, koma mwana wa Murphy anali asanafike msinkhu wololedwa. Bamboyo m'malo momuuza mwana wake kuti adikire, anaganiza za mpikisano wa timagalimoto tating'ono timene bambo ndi mwana angapange pamodzi.

Mpaka lero mwana aliyense wolowa mpikisanowu amalandira zipangizo zofanana: kathabwa ka paini, magudumu 4 ndi misomali 4. Malamulo amene amatsatidwa m'malo ambiri ndi akuti galimoto isapitirire utali wa mainchesi 7, amene ndi masentimita pafupifupi 18, m'lifupi isapitirire masentimita 7, ndipo kulemera kwake kusapose maaunzi 5, amene ndi magalamu pafupifupi 142. Taonani kuti cholinga choyamba cha woyambitsayo sichinali liwiro ayi. Iye ankafuna kuti bambo ndi mwana wake akhale pamalo amodzi, manja awo ali pa ntchito imodzi.

ZIPANGIZO

Ife sitifunika kuitanitsa kanthu kunja. Zofunika ndi izi:

1. Kathabwa kofewa, kotalika masentimita 18, m'lifupi masentimita 4 kapena 5. Paini wa ku Chikangawa kapena malaina ndi wabwino chifukwa savuta kusema. Pemphani zidutswa zotsala kwa kalipentala kapena kwa wosema mabwato. Musadule mtengo wamoyo chifukwa cha choseweretsa.
2. Magudumu 4 ofanana kukula. Mungagwiritse ntchito zitsekerero za pulasitiki za mabotolo, kapena kudula timagudumu pa kathabwa kopyapyala.
3. Misomali 4 yowongoka, yosachita dzimbiri, kapena tizidutswa tiwiri ta sipoko ya njinga.
4. Manati ndi mawashala akale owonjezera kulemera.
5. Sowo, mpeni, kasemasema, nyundo, tupa, sandipepa, rula ndi pensulo.

Chenjezo: musagwiritse ntchito mtovu wa m'mabatire akale kapena wa pa maukonde. Mtovu ndi poizoni, umalowa m'thupi kudzera m'manja odyera nsima, ndipo umawononga ubongo wa ana. Posema, mpeni uziloza kutali ndi thupi. Wolasidwa ndi msomali atsuke bala ndi sopo ndipo apite kuchipatala chifukwa cha kafumbata.

KAPANGIDWE

Poyamba mwana ajambule galimoto yake papepala, kenaka pa thabwa. Kutsogolo kukhale kopyapyala ngati mphuno ya bwato, kumbuyo kukhale kokhuthala. Pansi pa mphuno pasemedwe pang'ono kuti isagunde pamene mtsetse ukukumana ndi malo athyathyathya.

Kachiwiri, musanaseme kalikonse, lembani mizere iwiri ya misomali, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Mizereyi idutse thabwa mopingasa bwinobwino, osapendekeka. Ngodya ya chikuto cha buku ingakuthandizeni ngati mulibe sikweya. Boolani timabowo thabwa likadali la ngodya zake zinayi, chifukwa likasemedwa n'kovuta kuyeza.

Kachitatu, semani ndi kusalaza thupi la galimoto. Kachinayi, konzani misomali. Mukayang'anitsitsa kunsi kwa mutu wa msomali muona timizere totuluka timene tinatsala pamene ankaupanga. Timizereti tichotseni ndi tupa, kenaka pukutani msomaliwo ndi sandipepa wosalala mpaka uwale. Kachisanu, boolani gudumu lililonse pakati penipeni. Gudumu lobooledwa pambali limadumphadumpha ngati munthu wotsimphina. Kachisanu ndi chimodzi, khomani magudumu, kusiya kampata kochepa pakati pa gudumu ndi thupi, kolowa katoni yopyapyala. Pomaliza ikani zolemera ndi kupenta ngati penti ilipo.

Nanga kulemera mungayeze bwanji popanda sikelo? Kumbukirani kuti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Thirani mamililita 142 a madzi m'kajumbo, poyeza ndi kapu ya mankhwala kapena sirinji yatsopano yopanda singano. Mangani chingwe pakati penipeni pa ndodo yowongoka, mbali ina mupachike kajumbo ka madzi, mbali ina galimoto, pa mtunda wofanana kuchokera pakati. Ndodo ikaima mowongoka, ndiye kuti kulemera kwakwana.

CHIMENE CHIMAYENDETSA GALIMOTO

Dziko lapansi limakoka chinthu chilichonse. Chinthu chikamagwa popanda chotchinga, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, m'sekondi iliyonse. Mukanyamula galimoto n'kuiika pamwamba pa mtsetse, mwaisungira mphamvu, monga momwe mayi amasungira ufa wa kondowole mu dengu. Mukaisiya, mphamvu yosungidwayo imasanduka liwiro.

Munthu amene anafufuza zimenezi mosamala ndi Galileo Galilei wa ku Italy. M'buku lake la m'chaka cha 1638 anafotokoza momwe ankagubuduzira kampira ka chitsulo pa thabwa lopendekeka. Popeza mawotchi olondola kunalibe, nthawi ankaiyeza ndi madzi otuluka pa kachubu, n'kumayeza kulemera kwa madziwo. Anapeza kuti mtunda umakula molingana ndi nthawi yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Ndiye kuti ngati m'kamphindi koyamba galimoto yayenda masentimita 10, pakutha pa timphindi tiwiri ikhala itayenda 40, ndipo pakutha pa titatu ikhala itayenda 90.

Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 mukudziwa kuti liwiro la pansi pa mtsetse, tikapanda kuwerengera zotchinga, timalipeza pochulukitsa 2 ndi 9.8 ndi kutalika kwa mtsetse kupita m'mwamba, kenaka n'kupeza sikweya ruti ya yankholo. Galimoto ikayambira mita 1 m'mwamba, imafika pansi pa liwiro la mamita 4.4 pa sekondi, amene ndi makilomita pafupifupi 16 pa ola. Ikayambira masentimita 25 m'mwamba, liwiro likhala mamita 2.2 pa sekondi. Choncho kuti liwiro liwirikize kawiri, mtsetse uyenera kukwezedwa kanayi.

Taonani kuti m'masamu amenewa kulemera kwa galimoto sikunatchulidwe. Tsono n'chifukwa chiyani opikisana amayesetsa kufika pa magalamu 142 enieni? Yankho ndi mpweya. Magalimoto awiri ofanana maonekedwe amatchingidwa ndi mpweya mofanana, koma yolemera imakhala itasunga mphamvu yambiri, motero gawo limene mpweya umaibera limakhala lochepa. Zili ngati anthu awiri olipira msonkho wofanana wa pamsika, wina wabwera ndi chidebe chimodzi cha usipa, wina zidebe zisanu. Msonkhowo umapweteka kwambiri wa chidebe chimodzi.

Malo oika zolemera nawonso ndi ofunika. Pamtsetse, kumbuyo kwa galimoto kumakhala pamwamba kuposa kutsogolo. Tiyerekeze kuti thabwa la mtsetse ndi lotalika mamita 3 ndipo lakwezedwa mita 1. Mukasuntha kulemera kwa galimoto masentimita 9 chakumbuyo, mwakukweza masentimita 3. Mphamvu iwonjezeka ndi magawo 3 pa 100, liwiro ndi gawo limodzi ndi theka pa 100. Zikuoneka zochepa, koma pa malo athyathyathya a mamita 5 zimapereka masentimita oposa 7, ndipo mipikisano yambiri imasiyana ndi mpata wochepa kuposa pamenepa. Komabe musapyole muyeso. Kulemera kukapitirira kumbuyo, magudumu akutsogolo amapepuka ndipo galimoto imayamba kugwedezeka. Yesani poidendekera pa chala: ikhazikike pa masentimita 2 kapena 3 kutsogolo kwa misomali yakumbuyo.

ADANI ATATU A LIWIRO

Mdani woyamba ndi kukhuzana kwa gudumu ndi msomali. Ameneyu ndiye wamkulu. Mankhwala ake ndi kupukuta msomali ndi kuthirapo ufa wa mtima wa pensulo. Mtima wa pensulo si mtovu monga ena amaganizira ayi, koma ndi girafaiti wosakaniza ndi dongo, mwala wofewa woterera umene umapezekanso m'nthaka ya ku Malingunde m'boma la Lilongwe. Pensulo yofewa, monga 2B, imakhala ndi girafaiti wambiri. Mafuta ophikira kapena girisi musathire, chifukwa kunyanja kuli mchenga, ndipo mafuta akagwira mchenga amasanduka sandipepa.

Mdani wachiwiri ndi kukhota. Galimoto ya misomali yopendekeka imayenda ikugunda m'mbali mwa njira, ndipo kugunda kulikonse kumadya liwiro. Iyeseni pa simenti yosalala. Ikapatuka kuposa m'lifupi mwa zala ziwiri pa mita imodzi, zulani msomali wolakwika, muukhomenso.

Mdani wachitatu ndi magudumu olemera. Gudumu limafuna mphamvu kuti lizungulire, ndipo mphamvuyo imachotsedwa pa ya liwiro. Kulemera kukhale m'thupi la galimoto, magudumu akhale opepuka.

TSIKU LA MPIKISANO

Pamchenga galimoto yotere siyenda. Pezani matabwa osalala a mamita 3, mutsamiritse mbali imodzi pa desiki kapena pa benchi, mbali ina ifike pa simenti ya khonde la sukulu. Pokumana thabwa ndi simenti yalani katoni yolimba kapena pulayiwudi yopyapyala kuti pakhale popindika bwino. Njira muzigawe ndi timitengo ta nsungwi towongoka. Malamulo agwirizanidwe tsiku lisanafike:

1. Magalimoto onse ayezedwe pamaso pa anthu onse.
2. Palibe kukankha. Magalimoto agwidwe ndi rula imodzi, woyambitsa achotse rulayo kamodzi.
3. Magalimoto awiri aliwonse athamange kawiri, kachiwiriko asinthane njira, popeza palibe njira ziwiri zofanana.
4. Woweruza pa mzere womaliza asakhale kholo la wopikisana.
5. Mwana aliyense afotokoze yekha momwe anapangira galimoto yake asanaloledwe kupikisana.

GALIMOTO NDI YA YANI?

Lamulo lachisanulo ndilo mtima wa phunziro lino. Tiyerekeze banja lina ku Usisya. Bambo ndi mmisiri wa mabwato, mwana ali Sitandade 5. Tsiku loyamba mwana wagwira sowo, mzere wakhota. Bambo akuti, "Bweretsa kuno, ukuwononga thabwa." Tsiku lachiwiri mwana wakhoma msomali, wapendekeka. Bambo akuti, "Pita ukasewere, ndimaliza ndekha." Pa tsiku la mpikisano galimotoyo ndi yokongola kuposa zonse, ndipo yapambana. Anthu akuwomba m'manja. Pobwerera kunyumba mwana akupereka galimoto ija kwa bambo wake, nati, "Adada, tengani galimoto yanu. Mwapambana."

Kodi bamboyu analakwa pati? Iye sanali munthu woipa ayi. Anali ndi luso, ndipo ankafuna kuti mwana wake asachite manyazi. Koma anaiwala kuti iye mwini luso la kasemasema analipeza mwa kuwononga mitengo ingapo pamaso pa munthu wamkulu amene anaugwira mtima. Mwanayo waphunzirapo zinthu ziwiri zoopsa: kuti manja ake ndi osadalirika, ndiponso kuti n'kololedwa kulandira ulemu pa ntchito imene sunagwire. Mwana wotere akadzafika mu holo ya mayeso a JCE kapena MSCE, bambo ake sadzakhalamo. Akulu anati m'mera mpoyamba. Chizolowezi chodikira kuti wina akulembere chimayambira pa zinthu zazing'ono ngati izi.

Palinso kulakwa kwa mbali inayo, kwa kholo limene limangoponya thabwa n'kunena kuti "panga wekha, ine ndili ndi ntchito." Ameneyunso wataya mwayi. Njira yabwino ili pakati. Kholo ligwire ntchito zoopsa zokha, monga kuboola ndi chitsulo chamoto ndi kugwira thabwa pamene mwana akucheka. Lionetse kamodzi pa kachidutswa kena, kenaka libweze chida m'manja mwa mwana. M'malo monena kuti "walakwa," lifunse kuti, "Mwana wanga, ukuganiza kuti ikukhotera kumanzere chifukwa chiyani?" Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto idzatuluka yokhotakhota pang'ono, mwina idzamaliza yachitatu, koma mwini wake adzakhala wodziwika.

Kugonja nakonso ndi phunziro. Mwana amayang'ana nkhope ya kholo lake galimoto ikatsalira. Kholo likayamba kukangana ndi woweruza kapena kunena kuti anzathuwo abera, mwana amaphunzira kuti kulephera kulikonse kuli ndi wina womuloza chala. Koma likanena kuti, "Tiye tikamufunse mnzako wapambanayo kuti misomali yake anaikonza bwanji," mwanayo waphunzira chinthu chimene chidzamuthandize moyo wake wonse.

Tikudziwa kuti si nyumba zonse zimene zili ndi bambo pafupi. Kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1900 amuna ambiri a m'boma la Nkhata Bay akhala akupita kukagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Joni, ena amagona panyanja usiku wonse, ena anatisiya. Ntchitoyi angaigwire amayi, agogo, amalume, kapena inu achimwene ake a mwanayo. Ndipo si ya anyamata okha ayi. Mlongo wanu wamng'ono nayenso ali ndi manja ndi nzeru, ndipo masamu a Galileo sasankha munthu. Tisanyozenso zinthu zotolatola. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali mnyamata wa zaka 14 pamene anayamba kupanga makina a mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale ya bambo ake.

NTCHITO YA PA TCHUTHI

Inu ophunzira mumakhala kutali ndi kwanu miyezi yambiri pa chaka, ndipo ena a inu mukafika kumudzi mumasowa chokamba ndi makolo kupatula za fizi ndi za malipoti. Pa tchuthi chikubwerachi chitani izi:

1. Pangani galimoto imodzi pamodzi ndi kholo lanu, kapena thandizani mng'ono wanu kupanga yake. Lembani ntchito zimene anagwira wamkulu ndi zimene anagwira wamng'ono.
2. Itsitseni pamtsetse kasanu, muyeze mtunda umene yayenda pa simenti isanaime. Pezani avereji.
3. Thirani ufa wa pensulo pa misomali, mubwereze kasanu. Kodi avereji yasintha ndi masentimita angati?
4. Sunthani zolemera kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, osasintha china chilichonse, mubwerezenso. N'chifukwa chiyani tiyenera kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi?
5. Funsani kholo lanu kuti linkapanga zoseweretsa zotani lili mwana, ndiponso amene analiphunzitsa kugwira chida choyamba anali yani. Lembani yankho lake m'mawu osapitirira 200.

Inu makolo, mwana akabwera ndi kathabwa m'manja, musamubweze. Madzulo awiri kapena atatu ndi okwanira. Mayankho a ntchitoyi mudzapereke kwa aphunzitsi a sayansi sabata yoyamba ya teremu, ndipo magalimoto mudzabwere nawo kuti tidzawayeze ndi kuwathamangitsa. Tchuthi chabwino kwa nonse.